Utsi wa fodya wa mnzako: amayeza bwanji kupirira kwa anthu ndi maganizo awo pa malamulo oletsa kusuta?

Mu Ogasiti 2023 dziko la Malawi linalowa m'pangano la mayiko lolimbana ndi mavuto obwera ndi fodya, limene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalitchula mwachidule kuti FCTC. Panganoli linayamba kugwira ntchito kwa ife mu Novembala chaka chomwecho. Tinalowa mochedwa, poti Zambia analowa mu 2008, Zimbabwe mu 2014, Mozambique mu 2017. Ndime 8 ya panganoli imati boma liteteze anthu ku utsi wa fodya m'nyumba zogwiriramo ntchito, m'galimoto zonyamula anthu ndi m'malo ena amene anthu amasonkhana, ndipo malangizo ake amati dziko liyesetse kutero pasanathe zaka zisanu.

Nkhani ya lamulo lotere ikangoyambika, kulikonse kumene yayambikako, pamamveka mawu awiri. Azaumoyo amati anthu ambiri akufuna chiletso. Eni mabala ndi malo odyera amati makasitomala awo sadandaula. Onsewa akhoza kukhala akunena zoona nthawi imodzi, chifukwa akuyankha mafunso osiyana. Kupuma utsi, kudziwa kuopsa kwake, kuupirira, ndi kufuna kuti boma liuletse ndi zinthu zinayi zimene sizimayendera limodzi nthawi zonse, ndipo chilichonse chili ndi muyeso wakewake.

Utsi umene tikunenawu

Munthu akamasuta pafupi nanu mumapuma utsi wa mitundu iwiri: umene ukufuka kunsonga kwa ndudu yoyaka, ndi umene wosutayo akuutulutsa m'kamwa ndi m'mphuno. Mu utsi wa fodya muli makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Mu 1981 Takeshi Hirayama wa ku Japan anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi osasuta oposa 90,000, ndipo anapeza kuti amene amuna awo ankasuta ankamwalira ndi khansa ya m'mapapo kuposa anzawo. Lipoti la mkulu wa zaumoyo wa boma la United States la mu 2006 linati munthu wosasuta amene amapuma utsiwu kunyumba kapena kuntchito chiopsezo chake cha matenda a mtima chimakwera ndi 25 mpaka 30 peresenti, ndipo cha khansa ya m'mapapo ndi 20 mpaka 30 peresenti. Kwa ana, utsiwu umawonjezera chibayo, mphumu ndi matenda a m'makutu. WHO imati anthu osasuta oposa 1 miliyoni amafa chaka chilichonse chifukwa cha utsi wa anzawo.

Pa mbali imeneyi asayansi anagwirizana kalekale. Pamene pali ntchito ndi pa kuyeza anthu.

Kufunsa pakamwa ndi kufunsa thupi

Njira yotsika mtengo yodziwira amene akupuma utsi ndi kungowafunsa. Kafukufuku wa WHO wa ana asukulu a zaka 13 mpaka 15, wotchedwa GYTS, amene anachitikaponso ku Malawi mu 2009, amafunsa mwana kuti pa masiku asanu ndi awiri apitawa ndi masiku angati amene munthu anasuta m'nyumba mwawo iye ali pomwepo. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'makomo amene amachita a National Statistical Office a ku Zomba, ofesi ya boma yosonkhanitsa ziwerengero, amafunsa kuti m'nyumbamo mumasutidwa kangati: tsiku lililonse, mlungu uliwonse, mwezi uliwonse, mwa apo ndi apo, kapena ayi.

Vuto lake n'lakuti anthu amaiwala, ndipo chimene wazolowera suchiwerenganso. Mayi akhoza kuyankha ndi mtima wonse kuti "abambo amasutira panja", pamene panjapo ndi pakhonde, chitseko chili pululu, mwana akukwawa pomwepo.

N'chifukwa chake ofufuza amafunsanso thupi. Nikotini wa mu fodya akalowa m'magazi, chiwindi chimamusandutsa chinthu china chotchedwa cotinine. Nikotini weniweniyo sachedwa kutha: pakapita maola awiri theka lake limakhala litachoka. Koma cotinine amatenga maola pafupifupi 16 kuti atsike ndi theka, choncho malovu, mkodzo kapena magazi a munthu amaulula utsi umene wapuma masiku awiri kapena atatu apitawo. Akafuna mbiri yaitali amayeza nikotini m'tsitsi, poti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Palinso timakina toyeza mpweya wa m'chipinda, timene timawerenga tinthu ting'onoting'ono touluka totchedwa PM2.5, tating'ono kwambiri moti timalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo.

Miyeso iwiriyi inakonzedwera kumayiko kumene utsi wa m'nyumba umachokera kwambiri ku ndudu, ndipo kwathu kuno imafunika kusamala nayo. Kamakina ka PM2.5 sikasiyanitsa utsi wa chingambwe ndi utsi wa nkhuni kapena wa mbaula, pamene mabanja ambiri a ku Malawi amaphikira nkhuni ndi makala. Mukakaika m'bala imene pakhomo pake akuotcha kanyenya, nambala ikwera ngakhale pasapezeke wosuta ndi mmodzi yemwe. Ofufuza osamala amaonjezera kachipangizo kena kamene kamayamwa nikotini wa mumpweya yekha. Naye cotinine ali ndi msampha wake. Munthu amene wakhala m'munda akuthyola fodya wonyowa ndi mame amalowedwa nikotini kudzera pakhungu, mpaka ena amamva nseru, mutu ndi chizungulire. Malovu ake aonetsa cotinine ngakhale sanayandikire ndudu. Chimodzimodzi agogo amene amagwiritsa ntchito fodya wamphuno kapena woika m'kamwa, amene mukawafunsa ngati amasuta ayankha kuti ayi, ndipo sakunama. Kafukufuku wochitika ku Kasungu kapena ku Dowa nyengo yothyola fodya ayenera kufunsa kaye ntchito imene munthu wagwira mlungu umenewo.

Kupirira: muyeso wovuta kuposa yonse

Tiyerekeze mayi wachitsikana ali ndi khanda kumsana. Apongozi ake aamuna abwera kudzacheza, akhala pabalaza, apichira chingambwe chawo n'kuyatsa. Mayiyo sanena kanthu za fodyayo. Agwada n'kunena kuti, "Bambo, ndikamugoneke mwanayu, wayamba kuvuta," n'kutuluka. Mawa lake kubwera wofufuza ndi funso lakuti: "Kodi munthu atasuta pafupi nanu, munamupempha kuti azimitse?" Yankho ndi ayi. Ngati pepala lilibe funso lina, mayiyu alembedwa m'gulu la anthu amene utsi suwavuta.

Apa ndi pamene mwini bala uja amapezera mawu ake akuti palibe wodandaula. Sakunama: palibedi amene wabwera kwa iye kudzadandaula. Koma kukhala chete kuli ndi zifukwa zambiri. Wina ndi ulemu, wina ndi mantha, wina akuteteza ntchito yake, wina sakudziwa kuti utsiwo ukumupweteka, ndipo winanso alibedi nazo vuto. Muyeso wabwino umayesetsa kulekanitsa anthu amenewa.

Amachita zimenezi pogawa funso limodzi kukhala angapo. Loyamba limafunsa za mumtima: kodi utsiwo umakusowetsani mtendere motani? Lachiwiri limafunsa zimene munachita ulendo womaliza, ndipo mayankho ake amakhala ambiri: kumupempha wosutayo, kuuza mwini malo kapena kondakitala, kutsegula windo, kusuntha, kuchokeratu, kapena kungokhala. Mayi uja tsopano aoneka bwino: utsi umamuvuta kwambiri, ndipo njira yake ndi kuchokapo. Kenako amasintha wosuta ndi malo pogwiritsa ntchito tinkhani tongoyerekeza. Wosutayo ndi mlendo pa depoti, ndi mnzanu, ndi abwana anu, ndi kholo lanu m'nyumba mwake. Pali mwana pafupi kapena mayi woyembekezera, palibe. Munthu mmodzimodziyo amasintha mayankho malinga ndi kankhaniko, ndipo kusinthako ndiko kumene ofufuza akufuna kuona. Ambiri amene amapirira utsi paokha sapirira mwana akakhalapo.

Palinso kuzolowera kwa mphuno. Munthu wogulitsa mowa m'bala usiku uliwonse amasiya kumva fungo limene mlendo amalimva akangolowa pakhomo. Mukamufunsa ngati utsi umamuvuta anena kuti ayi, pamene malovu ake ndi amene ali ndi cotinine wochuluka pa onse osasuta. Choncho "kupirira kwambiri" papepala nthawi zina kumasonyeza munthu amene wapuma utsi wambiri kwa nthawi yaitali.

Pofuna kusandutsa zonsezi kukhala nambala, ofufuza amagwiritsa ntchito njira imene Rensis Likert wa ku United States anayambitsa mu 1932. Amawerenga chiganizo, monga chakuti "kupuma utsi wa fodya kwa mphindi zochepa kulibe vuto", ndipo woyankha amasankha chimodzi mwa zisanu: ndikugwirizana nazo kwambiri, ndikugwirizana nazo, ndili pakati, sindikugwirizana nazo, sindikugwirizana nazo m'pang'ono pomwe. Ziganizo zimakhala zingapo, ndipo mapointi ake amawaphatikiza. Zina amazitembenuza dala, kuti munthu wongovomera chilichonse agwidwe: sungavomere kuti utsi ulibe vuto n'kuvomeranso kuti sufuna aliyense asute pafupi nawe.

Mndandanda wa mafunsowo nawonso umayesedwa usanakhulupiriridwe. Amaona ngati ziganizo zonse zikukokera mbali imodzi, pogwiritsa ntchito nambala yotchedwa alpha ya Cronbach, imene imakwera mpaka 1. Ambiri amafuna ifike 0.7. Amabwerera kwa anthu omwewo pakapita milungu ingapo kuti aone ngati mayankho sakusinthasintha popanda chifukwa. Amayang'ananso ngati muyesowo ukusiyanitsa magulu amene tikudziwa kale kuti ndi osiyana. Ngati osuta ndi osasuta apeza mapointi ofanana, ndiye kuti mafunsowo akuyeza china chake, osati kupirira utsi.

Chizindikiro china chimene ofufuza amachikonda ndi lamulo la pakhomo. Kafukufuku wa WHO wa akuluakulu, GATS, amene wachitika ku Nigeria, Uganda, Kenya ndi South Africa, amafunsa ngati m'nyumba mwanu kusuta n'kololedwa, n'koletsedwa koma pali ena amene amaloledwa, n'koletsedweratu, kapena palibe lamulo lililonse. Yankho lachiwirilo ndi limene limanena zambiri, poti "ena amene amaloledwa" kawirikawiri ndi mwini nyumba kapena alendo olemekezeka.

Kugwirizana ndi lamulo: funso limaumba yankho

Mukafunsa anthu kuti "Kodi mukugwirizana ndi zoletsa kusuta m'malo a anthu ambiri?", ambiri avomera. Koma aliyense ali ndi malo ake m'mutu: wina akuganiza chipatala, wina minibasi, wina bala imene amamwerako Loweruka. Mafunso akatchula malo amodziamodzi, zotsatira zimatsata njira yofanana m'mayiko ambiri. Zipatala, masukulu ndi galimoto zonyamula anthu zimakhala pamwamba, maofesi ndi malo odyera pakati, mabala pansi.

Kuchuluka kwa mayankho kumasinthanso zinthu. Gulu la ofufuza za malamulo a fodya m'mayiko osiyanasiyana lotchedwa ITC, limene linayamba mu 2002 motsogozedwa ndi Geoffrey Fong wa ku yunivesite ya Waterloo ku Canada, limapereka mayankho atatu: kusuta kuloledwe paliponse m'kati, kuloledwe mbali ina yokha, kapena kusaloledwe konse. Yankho lapakatilo limakoka anthu ambiri, chifukwa limamveka lachilungamo kwa onse. Tsono wolemba lipoti akhoza kuwaphatikiza ndi ofuna chiletso n'kunena kuti anthu ambiri akufuna malire pa kusuta, kapena kuwaphatikiza ndi okana n'kunena kuti ambiri sakufuna chiletso chotheratu. Manambala ndi omwewo, mitu ya nkhani iwiri. Kusiyanaku sikwamasewera: lamulo la ku South Africa limalola malo odyera ndi omwera kupatula gawo losapitirira 25 peresenti kuti likhale la osuta, pamene malangizo a ndime 8 ya pangano la FCTC lija amati zipinda zapadera ndi makina okoka mpweya siziteteza mokwanira.

Wofunsa nayenso amalowa m'yankho. Munthu akabwera pakhomo atavala malaya olembedwa zaumoyo, mwini khomo amadziwa yankho limene mlendoyo akufuna, ndipo ife sitikonda kukhumudwitsa mlendo. Mkazi akamafunsidwa mwamuna wake wosuta ali chapafupi akumvetsera, yankho limafewa. GYTS imazemba vutoli popatsa ana mapepala opanda mayina kuti alembe okha m'kalasi, koma potero imasiya ana onse amene sali pasukulu.

Nanga afunsidwa ndani? Ogula fodya kumisika ya ku Kanengo kapena ku Limbe sayang'ana masamba apamwamba pa belo okha. Amasolola ena m'kati, chifukwa amadziwa kuti pamwamba pamaikidwa okongola. Kafukufuku wa pa foni, wa pa Facebook kapena wa m'tauni mokha ndi masamba apamwamba pa belo. Anthu akasankhidwa mwamaere m'dziko lonse, 1,000 amakwana kupereka chithunzi chimene chikhoza kuphonya ndi mapointi atatu okha uku kapena uku. Koma taonani chimene chimachitikira osuta. Kafukufuku wa zaumoyo wa akuluakulu wotchedwa STEPS, amene anachitika ku Malawi mu 2009, anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 14 pa 100 alionse ankasuta: mwamuna mmodzi pa anayi, ndi amayi atatu okha pa 100. Pa anthu 1,000, osuta angakhale 140 basi. Mawu a gulu lonse amakhala kwenikweni mawu a osasuta, ndipo nambala ya osuta paokha ikhoza kuphonya ndi mapointi asanu ndi atatu. Pamene lamulo likabwera, amene akuyenera kusintha khalidwe ndi 140 aja. N'chifukwa chake a ITC amafunafuna osuta mwadala kuti akhale ochuluka m'kafukufuku wawo.

Maganizo sakhala malo amodzi

Pa 29 Malichi 2004 Ireland linakhala dziko loyamba kuletsa kusuta m'nyumba zonse zogwiriramo ntchito, mabala omwe. A ITC anafunsa osuta lamulo lisanayambe, n'kubwereranso kwa anthu omwewo litagwira ntchito miyezi ingapo. Anafunsanso osuta a ku United Kingdom, kumene kunalibe lamulo lotere panthawiyo, kuti pakhale poyerekezera. Osuta a ku Ireland ogwirizana ndi chiletso chotheratu m'mabala anachoka pa 13 kufika pa 46 peresenti. M'malo odyera, pa 45 kufika pa 77. M'malo a ntchito, pa 43 kufika pa 67. Amene ananena kuti anaona munthu akusuta m'bala anatsika kuchoka pa 98 kufika pa 5 peresenti.

Manambalawa amawerengedwa mosiyana. Ena amati anthu atalawa bala yopanda utsi anaona kuti mantha awo analibe maziko. Ena amati munthu amangogwirizanitsa maganizo ake ndi chinthu chimene sangachisinthe. Ndipo m'poyenera kuona kuti 46 sanafikebe theka. Chimene onse amavomereza n'chakuti kafukufuku wochitika lamulo lisanabwere sanena mmene anthu adzaganizire litabwera.

Scotland, amene anayamba chiletso chake pa 26 Malichi 2006, anayeza thupi pamodzi ndi maganizo. Cotinine wa osasuta ogwira ntchito m'mabala anatsika ndi 89 peresenti patatha chaka. Odwala mtima mwadzidzidzi ogonekedwa m'zipatala zimene zinali m'kafukufuku anachepa ndi 17 peresenti, pamene ku England, kumene lamulo linali lisanayambe, anachepa ndi 4 peresenti. Panali nkhawa yakuti osuta akathamangitsidwa kumabala azikasutira ana kunyumba. Atayeza malovu a ana asukulu anapeza kuti cotinine wawo watsika ndi 39 peresenti.

Chitsanzo chapafupi nafe chikuonetsa mbali ina. Zambia anakhazikitsa malamulo oletsa kusuta m'malo a anthu ambiri mu 2008. A ITC, mogwirizana ndi yunivesite ya Zambia, atafunsa anthu mu 2012 ndi mu 2014, anapeza kuti ambiri, osuta omwe, ankagwirizana ndi malo opanda utsi, komabe ambiri ankaonabe anthu akusuta m'mabala. Kugwirizana ndi lamulo kunalipo, kulitsatira kunali kwina. Pamenepa mpamene muyeso wa kupirira umathandiza kuposa muyeso wa maganizo, chifukwa kulibe dziko limene lili ndi apolisi okwanira kulondera bala iliyonse. Lamulo lotere limayenda ngati woperekera zakumwa kapena kasitomala mnzake ali wokonzeka kunena kuti, "Achimwene, pepani, kasutireni panja."

M'dziko lolima fodya

Kuyeza maganizo a anthu pa utsi sikunayambe ndi azaumoyo okha. Mu 1978 kampani yofufuza maganizo ya Roper inachitira kafukufuku bungwe la makampani a fodya ku United States, n'kuwachenjeza kuti nkhawa ya osasuta pa utsi wa anzawo ndiyo inali chiopsezo chachikulu kwambiri pa malonda awo. Kuyambira pamenepo mbali zonse ziwiri zakhala zikulipira ofufuza, ndipo wowerenga ali ndi ufulu wofunsa amene walipira komanso kuona funso lenilenilo mmene linalembedwera.

Ku Malawi kuli chinthu china chimene ku Ireland kunalibe. Fodya ndiye mbewu imene imabweretsa ndalama zakunja zambiri kuposa ina iliyonse, ndipo mabanja ochuluka ku Kasungu, Mchinji, Dowa, Mzimba ndi Rumphi amalipira fizi ndi kugula feteleza ndi ndalama za burley. Munthu wotere akamva mawu akuti "kuletsa" ndi "fodya" m'chiganizo chimodzi, maganizo ake amathamangira kumunda ndi kuchigafa, osati kubala. Akhoza kukana chiletso poteteza msika wake, ngakhale iye mwini sasuta ndipo salola ndudu m'nyumba mwake. Kunena zoona, fodya wambiri wa ku Malawi amagulitsidwa kunja, ndipo pangano la FCTC lija limaika nkhani ya alimi m'ndime ina, ya 17, yokamba za kuwathandiza kupeza njira zina zopezera ndalama. Koma nkhawa ya mlimiyo si yopanda pake, poti mayiko onse akachepetsa kusuta msika wake umakhudzidwa ndithu.

Wofufuza sangathetse nkhawa imeneyi, koma akhoza kuilekanitsa ndi funso la utsi. Amayamba ndi mafunso a pakhomo ndi a m'minibasi asanatchule za boma, amafotokoza momveka kuti funso likunena za malo osutira osati za ulimi, ndipo amalemba ngati banjalo limalima fodya kapena limagwira ntchito m'minda ya fodya, kuti mayankho a alimi ndi a osalima adzaonedwe padera.